Amphaka Afukula Bedi Langa la Kove

Moni nonse pabanja. Bedi langa loyamba la kove, ndiwo zamasamba zonga repu zija, lafukulidwa ndi amphaka. Ndazipeza m'mawa uno popita kukathirira.

Dzulo ndinawokera mbande kuseri kwa nyumba kuno ku Sanjala. M'dzenje lililonse ndinathiramo nyenyeswa za usipa wouma ngati manyowa, monga anandilangizira amalume Saide a ku Meponda. Bedi la alifasi, kapena kuti letesi, lomwe sindinathiremo usipa, silinakhudzidwe n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti mzere umodzi wa kove watsala chilili. Ndi mzere womwe ndinawazapo phulusa la m'mbaula, osati mwanzeru ayi, ndimangosowa kotaya. Mapazi a amphaka afika m'mphepete mwa phulusalo n'kubwerera.

A Dona Amina, eni nyumba, andipeza ndikuyang'anitsitsa mapaziwo. Akuti, "Mwananga, ukulima ndiwo kapena ukuphikira amphaka a bairo yonse? Akabweranso, malowa ndibwezerapo chingwe changa choyanikira zovala."

Amalume, kodi phulusa limabisa fungo la usipa, kapena amphaka amangodana ndi kuliponda? Mbande zomwe sizinathyoke ndaziviika m'beseni la madzi. Madzulo ano ndiwokeranso n'kuwaza phulusa bedi lonse, ndipo mawa m'mawa a Dona Amina akuti tikaone limodzi.