Phoebe ndi Mbava za pa Maliro ku Bangwe

Inu amene anthu amakulozani chala mukangodutsa, khalani pansi ndikuuzeni za Phoebe wa ku Bangwe.

Tsiku lina mu 1995, Phoebe anafika kupolisi kumene ankagwira ntchito n'kupeza bambo ake, a Ignasio, atakhala pa simenti, malaya ali magazi okhaokha. Anthu anali atawamenya n'kugwetsa kashedi kawo kokhomerako zidebe. Apolisi akanachedwa pang'ono, anthuwo akanawaotcha, poti tayala linali litafika kale.

Mlandu wawo unali woti sankapita kumanda.

Zaka zimenezo maliro anali osatha, ndipo ku Bangwe kunabuka kabedwe kachilendo. Anthu akapita kukaika maliro, pobwera ankapeza nyumba zili mbee: wailesi, mipando, mapoto, zonse zapita. Ndiye anayamba kufunsana kuti, kodi tonse tikapita amatsala ndani? Yankho linali pafupi. Chimwalirire akazi awo, a Ignasio ankakomoka akangoona dzenje la manda, choncho ankangopepesa pa siwa n'kubwerera kukakhoma zidebe. Kuwonjezera apo, anabadwira ku Mozambique. Kwa anthu okwiya, umboni umenewo unakwana.

"Mwana wanga," anatero a Ignasio pa simenti paja, "kumenyedwaku si kanthu. Koma ndikadzafa ine, adzandiika ndani?"

Funso limeneli linamubaya Phoebe pamtima. Ankadziwa kuti munthu amene dera lamutaya, ngakhale adzukulu okumba manda amamunyanyala.

A Ignasio anatulutsidwa chifukwa sanawapeze ndi kanthu. Koma anthu anati, "Mwana wawo ndi wapolisi, mumati atani?" Kuntchito nakonso zinavuta. Phoebe akangolowa mu ofesi, nkhani inkaduka, makabati n'kutsekedwa. Bwana wake anamuchotsa ku zofufuza milandu n'kumuika pakauntala. Digiri yake, imene a Ignasio anaikhomera zidebe zaka zambiri, inkangomuthandiza kulozera anthu benchi.

Ndikanakhala ine, ndikanapempha transifa tsiku lomwelo. Phoebe sanasunthe.

Ntchito za polisi zitayamba kukonzedwanso m'nyengo ya matipate, kunabwera mwayi wokachita masitazi kunja, maphunziro osanthula mmene umbanda umayendera. Phoebe analembera, anamukana. Mnzake wina anamuuza zimene zinkanenedwa mseri: "Akuti mwana wa mbava akaphunzire za mbava? Akadzabwera tidzalira."

Phoebe analira ndithu, osabisa. Koma mphini yobwereza ndiyo imawala. Ankawerenga m'minibasi, buku pantchafu, kondakitala akumupanikiza, ndipo chaka chotsatira analemberanso. Ulendo uno anamutenga.

Kumeneko sikunali kophweka. Kompyuta anali asanaigwirepo. Ntchito yake yoyamba mphunzitsi anaibweza.

"Mukuthamangira kufunsa kuti wakuba ndani," anatero mphunzitsiyo. "Aliyense pamsika amafunsa zimenezo. Yambani mwafunsa kuti zachitikira kuti, nthawi yanji, ndipo n'chiyani chimene chimapezekapo nthawi zonse."

Phoebe anabwerako mu 1998. Anapeza bambo ake ataonda, nyundo itachita dzimbiri, popeza panalibe wobwera ndi chidebe. Kubako kunali kusanathe, koma anthu ankati mdalayo ali ndi anyamata ake.

Anakhoma mapu a Bangwe pakhoma, nyumba iliyonse yobedwa n'kuibaya phini. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Zitseko zinkatsegulidwa theka.

"Mwabwera kudzaona zimene bambo anu anasiya?" anamufunsa mayi wina wosoka zovala, a Sheila, ataima pakhomo ngati mlonda.

Phoebe anatulutsa kabuku kake. "Ayi mayi. Ndingofunsa. Tsiku limene anakuberani, kumanda munapita bwanji?"

Funso lake linali limenelo paliponse, ndipo pang'onopang'ono mapini aja anayamba kulankhula. Si pa maliro onse pamene anthu ankaberedwa. Anthu akapita wapansi kapena pa galimoto ya mpingo, nyumba zinkatsala bwinobwino. Kuba kunkachitika anthu akakwera lole ya a Fletcher.

A Fletcher! Munthu wa anthu, woyamba kufika pa siwa, wa besi yogwedeza malata poimba nyimbo za maliro. Akatsitsa anthu kumanda ankati akukathira dizilo. Odwala ndi okalamba otsala m'makomo ankaiona ndithu loleyo ikupakira katundu, koma sankadabwa. Nanga si pamaliro timabwerekana mipando ndi mapoto? Lole ya maliro angaifunse ndani?

Bwana wake atamva, anamuyang'ana cham'mbali. "Inu mukungofuna kuyeretsa bambo anu."

"Bwana, musakhulupirire ine," anatero Phoebe. "Maliro akubwerawa mutumize anthu anu osavala yunifomu. Akangoima n'kumaona basi."

Apolisi anawagwira a Fletcher dzuwa lili paliwombo, anthu akuimba kumanda. Pamwamba pa lole panali makina osokera a mayi Sheila, amene mbavazo zinasiya pamene zinaba m'nyumba mwawo ulendo woyamba uja.

Anthu a kwathu kupepesa ndi pakamwa kumativuta. M'mawa mwake a Sheila anafika kwa a Ignasio ndi chidebe chobooka, maso ali pansi.

"Agogo, tandikhomerani ichi."

Ena anatsatira. Ena anabwera ndi zidebe zabwinobwino, zopanda bowo n'limodzi lomwe, ndipo a Ignasio ankazigogoda ndithu kuti eni ake asachite manyazi.

Mdalayo anamwalira chaka chotsatira. Adzukulu anakumba manda osapemphedwa. Phoebe anapeza galimoto yonyamula bokosi, koma amuna a m'deralo anaibweza. Analinyamula pamapewa, kulandizana, kuchokera pa kashedi paja mpaka kumanda, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja anabwera ndi tayala.

Inu amene mukukayikiridwa lero, amene dzina la kwanu laipitsidwa popanda chifukwa, Phoebe sanawagonjetse anthu ndi mkangano. Anapirira, anakaphunzira, nabwera ndi funso labwino kuposa lawo. Akakukanani, lemberaninso. Akakutsekerani chitseko, gogodani china. Musataye mtima, chifukwa munthu uja ankafunsa kuti adzamuika ndani, anaikidwa ndi Bangwe yense.