Makoko a Kumanja

Ndinawanamiza amake Tisa, akazi anga, kwa milungu itatu, ndipo chimene chinandigwiritsa ndi makoko a nshawa, zimene ena amati mtedza.

Madokotala atandichotsa chotupa mu ubongo ku Lusaka, ndinabwerera kwathu ku Bundabunda dzanja lamanzere lili lende ngati la eni. Anandiuza kuti lizigwira ntchito tsiku lililonse. Choncho m'mawa, amake Tisa asanapite kudimba, ankandiikira lichero la nshawa pakhonde kuti ndisende ndi lamanzere lokha.

Nshawa imodzi yokha inkanditulutsa thukuta, ine munthu amene ndinkagwira pulawo tsiku lonse! Iwo akangokhotera kuseri kwa nkhokwe, ndinkasenda zonse ndi lamanja. Pobwera ankandipeza ndikupuma mwamphamvu ngati ndalima ekala.

"Mwayesa, atate Tisa," ankatero akusesa. Sindinaganizepo kuti makoko onse ankagwera mbali imodzi ya mpando.

Tsiku lina sanapite kudimba, ngakhale kuti repu wawo ankafota ndi dzuwa. Anakhala pansi kumanja kwanga.

"Nipaseni dzanja ili," anatero. "Kuchokera pa chikwati simunanigwirepo bwino."

Analigwira ndi manja awo onse awiri mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinasenda nshawa zisanu ndi ziwiri basi, zina zikugwa. Anatero masiku onse mpaka mvula inagwa, ndipo za makoko aja sananenepo mpaka pano.

Lero lamanzere limamanga lokha mabatani a malaya. Lamanjali ndilo likuchitabe manyazi.