Ndodo Yaifupi ya Bambo Ake

M'mawa wa tsiku la mpikisano, mtsikana amene bambo ake ankamutcha Nsungwi chifukwa cha kutalika analephera kudzuka pabedi. Msana unagwira ngati wakhomedwa msomali. Anzake anakasewera gofu, iye ali chigonere, misozi ikulowa m'makutu.

Bambo akewo anakalamba akunyamulira anthu zikwama pabwalo la gofu. Anali munthu wamfupi, wanthabwala zosatha. Atapuma ntchito anapatsa mwana wawoyo chuma chokha chimene anali nacho: ndodo yogogodera kampira kuti kalowe m'dzenje. Ndodoyo inali ya msinkhu wawo, osati wa Nsungwi. Koma mwana wokonda bambo ake amaganizanso zimenezo? Tsiku ndi tsiku ankawerama pa kapinga mpaka dzuwa kupendeka, akugogoda timipira, osawongoka n'komwe.

Dokotala anamuuza kuti chamupweteka si kumenya mpira mwamphamvu ayi, koma kuwerama nthawi yaitali pa ndodo yaifupi. Asinthe ndodo, apo ayi asiye gofu.

Nsungwi anasankha kusiya gofu. Ndodo ya bambo ake sakanaitaya, ndipo makani anatengera kwa iwo omwe.

Mdalayo atamva anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati:

"Mwanawe, ndinakupatsa ndodo kuti uzisewera, osati kuti ufupike ngati ine."

Anainyamula okha kupita nayo kwa mmisiri, amene anailumikiza chitsulo kumtunda n'kuikapo chogwirira chatsopano.

Kuyambiranso kunali kowawa. Timipira tinkalambalala dzenje ngati tili nalo chifukwa. Nsungwi anaphunzira kupinda m'chiuno msana uli wowongoka, kulimbitsa minofu ya pamimba, ndi kupuma pafupipafupi. Masiku ena ankabwerera kunyumba atakwiya, koma m'mawa ankapitanso. Akaiwala n'kuyamba kuwerama, mdalayo ankamukumbutsa ali pabenchi:

"Wataya chiyani pansipo, Nsungwi? Wongoka."

Mpikisano utabweranso, pa dzenje lomaliza kampira kake kanazungulira m'mphepete, kakuzengereza, n'kugweramo. Anapambana. Anthu ankaombera m'manja chikho, koma bambo ake maso anali pa msana wa mwana wawo, amene ankabwera kwa iwo akuyenda mowongoka, wopanda ululu.

Inu amene thupi lakugwetsani pa chinthu chimene mumachikonda, musafulumire kutsanzika. Funsani chimene chikukupwetekani, muchikonze, muyambirenso ngakhale pang'onopang'ono. Mtima wokhawo musautaye.