Foni Inkalira Kamodzi

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la fumbi lotentha lotuluka kumbuyo kwa kompyuta, losakanikirana ndi utsi wa makala a m'simbi yositira, poti munthu ameneyu sankakhala pa makina aja asanasite malaya. Ine ndinkapemerera makala pakhonde, maso akuyabwa ndi utsi, iwo n'kumawongola kolala mofatsa ngati akukaonana ndi bwanamkubwa, kenako n'kulowa pabalaza, kuvundukula nsalu ya maluwa imene ankafunditsa kompyuta, n'kukhala tsonga pampando wawo wa ndalema.

Tinkakhala ku Mchinji pa Boma, kumunsi kwa msika. Agogo anali atapuma ntchito ya kasitomu pachipata cholowera ku Zambia, ndipo chaulemu chimene anatsala nacho chinali foni ya m'nyumba. Masiku amenewo foni za m'manja zinali za mabwana okhaokha, choncho foni yathu sinali yathu tokha. Nambala yake ankaidziwa pamtima anthu a ku Phalombe, ku Thyolo, ku Dedza, konse kumene kunachokera matenanti amene anabwera kudzalima fodya kwathu kuno n'kukhazikika. Ikalira, agogo ankayankha ndi mawu a mu ofesi, kufunsa wofunidwayo, n'kuuza woimba kuti aimbenso pakapita kanthawi, ine n'kuliyatsa liwiro kukaitana munthu. Mauthenga ambiri anali a matenda ndi maliro. Agogo sankalandira kanthu, koma kunyada kokha ankanyada mpaka kutopetsa. "M'nyumba mwanga uthenga sugona," ankatero kwa aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Amayi anga, omwe anali namwino, anali atapita kukagwira ntchito ku Mangalande n'kundisiya ndi agogo. Ankaimba mwa apo ndi apo, mawu akuchedwa m'njira, ndipo tisanamalize moni khadi yawo inali itatha. Tsiku lina anati tikanakhala ndi imelo bwenzi akutilembera tsiku ndi tsiku, ndi zithunzi zomwe. Ine nkhope ya amayi inali itayamba kundisokonekera m'mutu, ndipo sindinauze munthu, koma agogo anaona okha.

Kompyutayo anabwera nayo ndi malume Yona, amene ankaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Inali yakale, yofiirira ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Anaikamo Linukisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anati ndi yaulere ndipo aliyense amaloledwa kuisanthula m'kati ndi kuikonza yekha. Agogo anapukusa mutu n'kunena kuti zaka zonse zimene anakhala pachipata sanaonepo katundu wa azungu wolowa opanda msonkho. Holide itatha malume anabwerera kusukulu, kutisiyira kambalame konenepa kamene kankaoneka kompyuta ikamayaka, kamene ana tonse tinkati ndi bakha.

Vuto linali modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku waya wa foni. Imene inali m'kati mwa kompyuta, Linukisi sankaiona n'komwe. Kuti aione pankafunika kapulogalamu kena kopezeka pa intaneti, ndipo kuti tifike pa intaneti pankafunika modemu yomweyo. Agogo anati ndiye kuti kiyi wa nyumba tamukhomera m'nyumba. Malume anawalangiza pafoni kuti apeze modemu yapadera yokhala kunja, ndipo dalaivala wina wa thiraki, amene ankawadziwa kuyambira kale pachipata, anawabweretsera yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku ofesi ina imene inatsekedwa ku Chipata. Kanali kabokosi kotuwa, ka timagetsi tofiira pamzere, ndi kabuku kake kachingerezi kamene agogo anakaponya m'kabati chifukwa ankakhulupirira zimene Yona wawo anawauza. Kenako anakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukalembetsa ku kampani ya intaneti, kumene mnyamata wa pa kauntala anawauza kuti zonse zikatheka awaimbira.

Kuimba kuchoka kwathu kunkakanika. Agogo ankalemba pa kompyuta malamulo amene malume anawauza, ndi chala chimodzi, kabokosi n'kungoti tha, sikirini n'kunena kuti sikakumva waya. Koma m'mawa mwake foni inalira kamodzi n'kudukiza, timagetsi tonse tinayaka, ndipo kabokosi kanayamba kulira kokha, likhweru lobaya m'khutu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndinyamule foni, agogo n'kundimenya kakhofi pamsana pa dzanja.

"Usakhudze. Ndi a ku Lilongwe amenewo, makina awo akulankhula ndi athu. Akuluakulu akamakambirana mwana salowerera."

Kanalira kanthawi n'kukhala chete. Agogo anati akuyesa waya. Sabata imeneyo zinachitika mobwerezabwereza, m'mawa ndi masana, ndipo nthawi iliyonse agogo ankaomba m'manja n'kunena kuti tayandikira. Palibe anadabwa kuti chifukwa chiyani sabata yonse sikunabwere foni ya munthu. Ine ndinangoona kuti miyendo yanga ikupuma.

Nyumba yoyandikana nafe munkakhala amake Fatsani. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ina ku Mkanda, ndipo amunawo atapeza ntchito ya ulonda pa Boma, iwo anayamba kugulitsa zitumbuwa pamsika. Chichokereni amayi, ndi iwo amene ankandiluka tsitsi Loweruka lililonse, akundikalipira kuti ndili ndi mutu wouma ngati chitsa. Lachitatu la sabata imeneyo masana agogo anawaitana pamodzi ndi anthu ena oyandikana nafe kuti adzamve intaneti ikutiyankha. Amake Fatsani anaima pakhomo, manja ali mbuu ndi ufa. Sitinadikire nthawi yaitali. Foni inalira kamodzi, kabokosi n'kuyamba zake. Iwo anaseka mpaka kugwira chitseko, akuti kakulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Italiranso kachiwiri, anaimba nthungululu moseka, kuwayamikira agogo kuti alandira alendo a ku Mangalande. Tonse tinaseka, agogo akugwedeza mutu ngati mwini ukwati.

Loweruka la sabata yotsatira ndinali nditakhala pakati pa miyendo yawo pakhonde lawo, theka la mutu litalukidwa kale, fungo la mafuta okazingira zitumbuwa lili m'chitenje chawo, pamene panafika bambo wina wonyamula kachikwama, fumbi lili m'miyendo. Anali achimwene awo ochokera ku Phalombe. Atavula chipewa, mutu unali wometa mpala. Amake Fatsani anaona mutuwo asanamve mawu aliwonse, ndipo zala zawo zinaima m'tsitsi langa.

Bamboyo anakhala pansi n'kufotokoza mwakachetechete. Amayi awo anagonekedwa m'chipatala sabata yapitayo, ndipo masiku onse amene anali ndi mawu ankangoitana dzina la mwana wawo wa ku Mchinji. Atamwalira, abale anadikira mpaka pamene sakanathanso kudikira, n'kuika maliro.

"Tinaimba, achemwali. Ndinkayenda wapansi mpaka pa positi tsiku lililonse. Imangolira kamodzi, kenako chimluzu m'khutu, khadi n'kumatha. Lachitatu masana ndinaimba kawiri, mayi akadali ndi mawu."

"Lachitatu masana?"

Anangofunsa zomwezo. Sanandikankhe, sanandiyang'ane, ndipo manja awo anakhalabe pamutu panga, olemera. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso kwina kulikonse m'moyo wanga, chifukwa ine ndinali nditamvetsa kale, ndipo ndinadziwa kuti iwonso amvetsa. Atayamba kulira ndi mawu, ndinasolola mutu wanga n'kuthawira kwathu, tsitsi theka loluka theka lili nyankhalala.

Agogo anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anatsegula kabati, kutenga kabuku kaja, n'kuwerenga ataimirira, chala chikuyenda pamzere. Zinalembedwa poyera kuti kabokosi kotere kangathe kuuzidwa kuti kaziyankha kokha foni ikangolira kamodzi, ndipo a ku ofesi ya ku Chipata anakasiya choncho. A ku Lilongwe sanaimbepo ndi tsiku limodzi lomwe. Agogo anavula magalasi n'kutseka kabukuko.

Madzulo ake anthu atasonkhana kwa amake Fatsani kudzapepesa, agogo anapita ndi malaya omwe anali nawo, osasita. Monga mkulu wa mpingo anawapatsa mpando, koma anaukana n'kukhala padothi. Nthawi yolankhula itakwana sanazungulire.

"Uthenga unafika m'nyumba mwanga. Amene anaubweza pakhomo ndine."

Azimayi anaweramitsa mitu, ndipo bambo wina kumbuyo anatsonya.

Masabata otsatira anali owawa. Ku mpope ndikafika nkhani zinkaduka. Ana a kusukulu ankandiimbira likhweru la kabokosi kumbuyo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anaphunzira bwanji kulitsanzira bwino chotero. Tsitsi ndinakameta kwa ometa a pamsika, poti ndinalibe nkhope yokakhalanso pakhonde lija. Anthu anayamba kupatsa abale awo nambala ya golosale ya kumtunda, ngakhale kumeneko uthenga unkagona mpaka mwini golosale akumbukire. Foni yathu inakhala duu. Agogo anazula kabokosi, kukaika m'katoni pansi pa bedi, n'kufunditsa kompyuta. Simbi yositira inachita dzimbiri pakhonde, ndipo mawu awo aja a uthenga wosagona sindinawamvenso. Amayi ataimba n'kufunsa za imelo, agogo anangoti zinakanika. Ine ndinadziwa kuti nkhope ya amayi sindiiona, koma ndinaona kuti n'zotiyenera.

Amake Fatsani anapita ku Phalombe kukaona manda. Atabwerako, tsiku lina m'mawa tinamva odi pakhomo. Anali ataonda, atavala duku lakuda. Anakana kulowa. Anayang'ana mutu wanga wometa, kenako n'kufunsa agogo kuti kanyama kawo kaja anakaika kuti. Agogo anayankha maso ali pansi kuti akufuna kukakaponya m'chimbudzi.

"Mukakaponya amayi anga adzuka?"

Agogo asanayankhe, amake Fatsani anapitiriza.

"Ine ndinaimba nthungululu amayi akundiitana. Zimenezo ndifa nazo, ndipo inunso mufa nazo, a Mbewe. Koma mwanayu amake ali moyo. Kakonzeni."

Sananene kuti akhululuka, ndipo sindinawamvepo akunena mawu amenewo mpaka kalekale. Anangotembenuka n'kumapita kumsika ndi beseni lawo pamutu.

Tsiku limenelo ndinapemereranso makala. Agogo anasita malaya, anatulutsa kabokosi, ndipo ulendo uno kabuku kanali pambali pawo. Zokonza zake zinali zazing'ono mochititsa manyazi. Pamene panali wani analembapo ziro, kuti kabokosi kasiye kuyankha foni za anthu. Kenako anakauza kuti kaziimba osadikira kumva kulira kwa waya, poti waya wa kwathu unkalira motsika moti kabokosi kankayesa kuti kulibe. Anasunga malamulowo, n'kuyang'ananso kawiri pa ziro paja ngati mmene ankayang'anira chidindo chokayikitsa pachipata.

Atadina batani, kabokosi kanaimba nambala, kenako kanalira. Ine ndinatseka makutu, chifukwa kwa ine kunali kulira komwe kuja. Koma ulendo uno kunasintha, kunakhala ngati mvula pamalata, kenako zii, ndipo sikirini inanena kuti talumikizana. Palibe anaomba m'manja. Agogo analembera amayi mizere iwiri, ndipo mawa lake yankho linabwera ndi chithunzi. Chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, tsitsi kaye, kenako mphumi, kenako maso. Ndinalira motsekereza pakamwa, kuopa kuti angandimve kuseri kwa mpanda. Koma amake Fatsani anali ataima kale pazenera. Anayang'ana chithunzicho mpaka chinamaliza kutsika.

"Anenepa amako," anatero. "Loweruka ubwere, tione ngati pamera chogwira pamutupo."

Kuyambira pamenepo agogo anakhala ndi mwambo wawo. Asanalumikize kompyuta ankavala malaya ositasita n'kuyenda okha khomo ndi khomo, osandituma ine, kufunsa ngati pali wina amene ali ndi wodwala kumudzi. Akapezeka ngakhale mmodzi, kompyuta inkakhala yofunda tsiku limenelo, ngakhale titadziwa kuti kalata ya amayi ikutidikira. Ena ankawaseka kuti nkhalamba yapenga ndi ulemu. Pang'onopang'ono nambala yathu inabwerera m'mitu ya anthu, ngakhale si onse. Khomo loyamba kugogoda nthawi zonse linali la amake Fatsani, ndipo nthawi zonse yankho lawo linali limodzi, lakuti kwawo kulibenso wowaimbira.

Agogo anatisiya kalekale, ndipo waya wa foni ija anthu anadula n'kuyanikapo zovala. Ine ndimakhala ku Lilongwe, foni ili m'thumba ngati wina aliyense. Anzanga amandiseka kuti ndimayankha nambala iliyonse, ngakhale za akamberembere onama kuti ndawina mphoto, ngakhale ndili pakati pa msonkhano. Sindiwafotokozera. Foni ikangolira kamodzi n'kudukiza, ndimamva kulemera kwa manja aja pamutu panga, ndipo ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita n'kuimbanso.