Dzina la Dailesi Mwanza

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze chifukwa cha nzeru ayi. Azakhali anga, amene ndinkakhala nawo ku Linda, ankaimba kwaya limodzi ndi akazi a mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya sekondale muno mu Livingstone. Mayi amene ankataipa pasukulupo anali atatsatira amuna ake ku Kabwe, mpando n'kutsala wopanda munthu. Ine ndinali nditalekezera Fomu Filii kusukulu yogonera komweko ku Choma, kenako ndinaphunzira mataipi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, n'kukhala miyezi yambiri ndikungosesa pakhomo. Azakhali anandiuza kuti ndinyamule satifiketi, chitupa cha boma chimene tinkangoti reji, ndi khadi la chipani, popeza masiku amenewo wopanda khadi ankamubweza ngakhale pachipata cha msika.

Mphunzitsi wamkuluyo anali a Mubita, Mlozi wamtali woyankhula pang'onopang'ono. Anandipatsa kalata yolemba pamanja kuti ndiitaipe iwo akuyang'ana wotchi. Nditamaliza anaiwerenga kawiri, n'kunena kuti, "Ba Zulu, muyambe pa Mande." Palibe munthu anali atanditchulapo ba Zulu chibadwire, moti ndinacheuka kuona ngati bambo anga alowa.

Mu ofesimo munali taipulayita yaikulu yolemera, makina okopera makalata ozunguza ndi dzanja, chidindo cha sukulu ndi kabati ya makaundula. Ntchito yeniyeni inali kudula sitensulo, pepala la phula limene umataipapo kuti ukalikopere pamakina. Umayamba wachotsa riboni, n'kutsuka zilembo ndi kaburashi koviika mu sipiliti, kenako n'kumamenya mofanana. Ukamenya chilembo cha o mwamphamvu chimaboola pepalalo, ndipo makalata onse amatuluka ndi madontho akuda. Ukalakwitsa umapakapo mankhwala ofiirira a m'kabotolo, n'kuuzira mpaka aume, n'kutaipanso pomwepo. Ukatha umamata sitensuloyo pamakina, kufinyira inki ya m'chubu, n'kumazunguza mpaka phewa liwawe. Mapepala ankasowa zaka zimenezo, choncho a Mubita ankanditulutsira m'kabati okwanira tsiku limenelo basi. Manja anga sankayera, ndipo azakhali anasiya kundipatsa sopo wawo wosambira.

Ndinayamba mu Febuluwale, mvula ili pakati, utsi wa kumathithi ukuoneka pawindo m'mawa uliwonse. Imeneyo inali nyengo yokonzekeretsa a Fomu Faifi ndi makolo awo. Mayeso ankalembedwa kumapeto kwa chaka, koma mapepala ake ankachokera kunja, ndiye mayina ankayenera kutumizidwa miyezi yambiri nthawi isanakwane. Dzina likapita lapita. Chifukwa cha ichi sukulu inkaitana makolo Loweruka lina mu Malichi. Mwana aliyense ankabwera patebulo ndi kholo lake, kalaliki n'kuwerenga dzina mokweza, kuliyerekeza ndi la pa reji, kumata chithunzi pafomu, a Mubita n'kudinda chidindo theka pachithunzi theka papepala, kholo n'kusaina kapena kudinda chala.

Ndikudula sitensulo ya mndandanda wa mayinawo, ndinafika pa dzina la Dailesi Mwanza, zala n'kuima zokha. Dailesi ndinakhala naye desiki imodzi kupulayimale ku Linda kuyambira Giredi Foo mpaka Seveni. Anali ndi chipsera cha madzi otentha kudzanja lamanzere, ndipo ankandichitira masamu ine ndikumulipira malambe. Titalemba mayeso a Giredi Seveni, iye anasankhidwira kusukulu yomweyi, ine ku Choma. Nditabwera kutchuthi choyamba ndinapeza nyumba yawo muli anthu ena, amene anandiuza kuti a Mwanza anasamukira ku Dambwa. Sindinalondole. Paubwana mnzako akasamuka umangopeza wina.

Tsiku lotsatira a Mubita anandipatsa mndandanda wa amene anasankhidwiratu kudzalandira mphoto kumapeto kwa chaka, ndipo pa masamu panalinso Dailesi Mwanza. Ndinasangalala ngati mphotoyo ndi yanga. Ndinkasuzumira pawindo nthawi ya asembule, koma atsikana onse anali ometa mofanana, ovala mofanana, ndipo sindinamuone. Kupita kukalasi kukamufunsa ndinkachita manyazi, ine wolekezera panjira. Ndinaganiza zomudzidzimutsa patebulo pa tsiku la makolo. Ndinasita ndi diresi yanga yabwino chifukwa cha iye.

Loweruka limenelo holo inadzaza. Kunabwera anthu a ku njanji, a m'mahotela, azimayi a mumsika, ena oyenda pansi kuchokera ku Simonga matope ali m'miyendo. Kunabweranso insipekitala wochokera ku ofesi ya maphunziro, bambo wa mandala amene sitinkamuyembekezera, ndipo anamuikira mpando patebulo pathu pomwepo. A Mubita anayamba ndi kulangiza makolo, m'Chinyanja kenako m'Chilozi. Anati ana a mayeso asamawadzutse kukaima pamzere wa ufa ndi shuga, awasungire palafini wa nyali, ndipo atsikana awapumitseko kuchapa ndi kulera ana. Anati tsiku la mphoto kholo lililonse lidzabwere, ngakhale lilibe nsapato. Anthu anaseka, ine n'kuyamba kuitana mayina.

Zonse zinayenda bwino mpaka ndinaitana kuti, "Dailesi Mwanza."

Mayi ake ndinawazindikira asanafike n'komwe. Ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha kupulayimale, ndipo anali atangoonda chabe. Ndinaimirira, kupinda mawondo, kuwapatsa moni. Pambali pawo panali mtsikana wamfupi wa maso akuluakulu, atagwira reji ndi manja awiri. Ine ndinayang'ana kumbuyo kwake.

"Nanga Dailesi ali kuti, bamai?"

"Ni uyu," anatero mayiwo motsitsa mawu.

Ndinaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe mpaka lero, ndipo ndimadana nako. "Iyayi bamai, uyu si Dailesi. Dailesi nimuziba, tenze kunkala pa desiki imozi. Ali na chipsela apa pa kwanja."

A Mubita anatsokomola, n'kundikankhira kabotolo ka guluu womatira zithunzi. "Ba Zulu, matani chabe sinapu, bantu ni bambili."

Munthu wanzeru akanamva. Ine ndinkaganiza kuti ndikuteteza mnzanga, kuti mwina wadwala ndipo atumiza mng'ono wake, chithunzi cholakwika chingamatidwe pafomu yake. Ndinabwerezanso, mokweza kuposa poyamba, kuti chithunzicho si chake. A m'mabenchi a kutsogolo onse anatembenukira kwa ife. Insipekitala uja anavula mandala, anatenga reji m'manja mwa mtsikanayo, anayang'ana dzanja lake lamanzere, n'kumufunsa kumene analembera Giredi Seveni ndi dzina la mphunzitsi wake. Mtsikanayo anatchula sukulu yathu ya ku Linda. Dzina la mphunzitsi linamusowa.

Tinalowa mu ofesi anthu asanu, a Mubita atasiyira wachiwiri wawo tebulo. Ine anandiitana kuti ndizilemba zimene zikunenedwa. Mayi aja anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi makina okopera, n'kufotokoza osalira. Titatha mayeso a Giredi Seveni, Dailesi anapita kutchuthi kumudzi kwawo ku Petauke. Anadwala masiku atatu n'kumwalira, ndipo anaikidwa komweko. Makolo atabwerera m'tauni anapeza kalata yoti mwana wasankhidwira ku Fomu Wanu. Malo a sekondale anali ochepa kwambiri, ana ambiri anzeru ankathera pa Giredi Seveni. Kumudzi kunali Tisa, mwana wa mng'ono wa a Mwanza, amene anakhoza koma sanasankhidwe. Abale anagwirizana kuti malowo asatayike. Tisa anakwera basi ndi sitima, n'kuvala yunifomu ndi dzina la malemu. Banja linasamukira ku Dambwa kumene anthu sankawadziwa, ndipo m'tauni muno sanauze aliyense za maliro.

Umu ndi mmene ndinamvera kuti mnzanga anamwalira zaka zinayi zapitazo, pensulo ili m'manja, ndikulemba imfa yake m'buku la ofesi. Ndinafuna kutuluka koma sindinathe. Tisa anaima pakhomo, maso ali pa ine.

A Mubita anayesetsa. Anati mwanayu masamu onse aja wawachita ndi mutu wake, palibe amene anamulembera kuyambira Fomu Wanu. Anapempha kuti alembe mayeso, nkhani ya dzina idzakonzedwe pambuyo. Insipekitala sanali munthu woipa, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti sakukondwa nazo. Anati, "Ba Mubita, vakambiwa pamenso pa makolo bonse. Muja muholo muli bantu bamene bapeleka malipoti. Nikavisiya, pa Mande nizayanka chani?" Tonse tinkadziwa kuti akunena zoona. Masiku amenewo nkhani inkafika kwa akuluakulu a chipani mwini wake asanafike kunyumba.

Lolemba kalata yochotsa Tisa sukulu ndinaitaipa ndine, makope atatu ndi kaboni. Kenako ndinatenga sitensulo ya mayina, n'kupaka mankhwala ofiirira aja pa Dailesi Mwanza. Ndinauzira mpaka anauma. Pamndandanda wa mphoto ndinaikapo mnyamata amene anali wachiwiri. Ndinkayembekeza kuti a Mubita andichotsa ntchito, ndipo pena ndinkafuna atatero. M'malo mwake anandiitana, anatseka chitseko okha.

"Muganiza ine sinenze kuziba? Nenze naziba kuchokela Fomu Wanu. Pa lisiti yamene iyo balipo benangu." Kenako anaonjezera kuti, "Mukaona chintu pa pepala, mubwele kuno, muvale chiseko, ndiye mukambe. Pa tebulo paja ni pobelenga chabe mazina."

Azakhali atamva anandikalipira sabata yathunthu, kenako anati tipite ku Dambwa tikapepese. Tinapita Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Tinapeza mipando ili panja ndipo azimayi angapo akhala pamphasa pakhonde. Poyamba ndinaopa kuti kwagwa zovuta zina. Anali maliro a Dailesi. Popeza panalibenso chobisa, mayi ake anaitana anzawo a kumpingo kuti adzalire nawo mwana amene anaikidwa kalekale. A Mwanza sanatiyankhe moni, analowa m'nyumba. Tisa anali kuseri akuchapa, popeza Lachitatu ankabwerera kumudzi.

Ndinagwada pamaso pa mayi a Dailesi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandinyoze, ndipo ndikanakonda akanandinyoza.

"Enelesi," anatero ponditchula dzina langa loyamba, "zaka zinayi nakhala nikuitana dzina la mwana wanga wakufa m'mawa uliwonse kuti niutse mwana wa mlamu. Napirira kuti mmodzi yekha aphunzire. Iwe Dailesi anali kukukonda. Ukananiitanira pambali, nikanakuuza, tikanalira tonse awiri."

Ndinalira pamenepo mpaka azakhali anandidzutsa. Ndisanachoke ndinazungulira kuseri kuti ndimuone Tisa. Ndinamuuza kuti sindinkadziwa. Anapitiriza kufinya chovala, n'kunena kuti, "Niziba, ba kalaliki."

Pasukulupo ndinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, kenako ndinagwira m'maofesi ena mpaka ndinapuma. Mayina obwereka ndinakumana nawo ndithu, ena ndinkawadziwa ndi eni ake omwe. Sindikunena kuti lamulo linali lolakwa, popeza malo amene Tisa anakhalapo mwina anali a mwana wina amene anatsala pa Giredi Seveni. Zimenezo zinkandivuta nthawi imeneyo ndipo zimandivutabe. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kalaliki akadabwa ndi kanthu pagulu, ayambe wamaliza mzere. Mafunso ake akafunse pambali, kwa munthu mmodzi, chitseko chili chotseka, ndipo ayambe wadziwa amene avulale ndi yankholo. Atsikana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawauza zimenezi tsiku loyamba, ndisanawaonetse n'komwe kachotsedwe ka riboni.

Mayeso analembedwa mu Novembala kukutentha, ndipo tsiku la mphoto makolo anabwera, kwaya inaimba, mnyamata uja analandira buku lake la masamu. Za Tisa ndinafunsa anthu a ku Petauke kangapo, koma palibe amene anamudziwa. Anakhala m'kalasi zaka zinayi ndi miyezi itatu akuposa anzake onse, koma palibe kaundula kapena lipoti limene lili ndi dzina lake. Zonse zinalembedwa kwa Dailesi, amene sanapondepo pasukulupo ngakhale tsiku limodzi.