Ekiselo Yakutsogolo ya Levison

Inu amene munalakwitsapo chinthu choti sichingabwererenso mwakale, tafikani pafupi. Nkhaniyi ndinaitola pa Nsaru m'maulendo angawa, kwa anthu atatu osiyana, ndipo onse anaikamba chimodzimodzi.

Tsiku loika maliro a Mable, mlongo wake, Levison anaima kumbuyo kwa anthu ngati mlendo wongodutsa. Adzukulu anakwirira manda, amayi a Chigwirizano anaimba, anthu anabalalika. Palibe anabwera kudzamupepesa. Iye anangopisa manja m'matumba, poti m'zikhadabo munali mudakali girisi.

Levison anali makaniko wa pansi pa mtengo pa Nsaru. Kuseri kwa Nambuma kunali kachipatala ka mpingo komwe kanali ndi pikapu imodzi yakale ya fowilo, zija zokoka ndi matayala onse anayi njira ikavuta. Matenda akakula, midzi yonse ya kumeneko inkadalira pikapu imeneyi.

Mu Okutobala pikapuyo inagunda chitsa, ekiselo yakutsogolo, chitsulo chogwira ndi kuzungulitsa matayala, n'kupindika. Levison anakapeza ina m'tauni, yochotsa pa galimoto yangozi. Maonekedwe ake anali omwewo, mabauti onse analowa. Anaiyesa mumsewu wa fumbi, inayenda bwinobwino. Fowilo sanaitchere. Mu Okutobala, kouma gwa, munthu angatcherenji fowilo?

Vuto linagona m'chitsulomo miyezi itatu.

Mu Januwale, dzuwa lili paliwombo, Mable anataya magazi ambiri pobereka mwana wake wachitatu. Anamukweza m'pikapu kuti amuthamangitsire ku chipatala chachikulu. Pa mtsetse wa miyala wotsikira kudambo, dalaivala anatchera fowilo. Galimoto inalimba, inalira ngati ikutsamwa, kenako pansi pake panamveka kuti khotyo. Inangotsetsereka mpaka m'matope n'kutitimira.

Anatuma munthu kukatenga ngolo. Mwana anapulumuka. Mable anatsirizikira pangolopo, chipatala chikuonekera patali.

Anthu analankhula. Ena ankati Levison anagulitsa zitsulo zabwino n'kuika zowola. Ena ankanong'ona kuti wakhwimira mlongo wake kuti galaja ikule. Iye anaika masipanala m'thumba la feteleza, n'kuliponya pansi pa bedi, n'kuyamba maganyu m'minda ya fodya ya anthu.

Pikapu anaikoka ndi ng'ombe n'kukaisiya kuseri kwa chipatala. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Odwala anabwerera ku ngolo ndi njinga, ndipo ena sankafika.

Chomwe chinkamudya Levison sichinali miseche ayi. Chinali choti iye mwini sankadziwa chimene analakwitsa. Ankapalira fodya uku akubwereza mumtima: mabauti ndinamanga, oyilo ndinathira, nanga chinavuta n'chiyani?

Panatha chaka ndi miyezi. Tsiku lina mu Meyi, pamsika wa Nsaru, mkulu wina wogulitsa mtedza anamukodola. Anali a Goliati, mdala wamfupi amene anakalambira pa mathirakitala m'mafamu a ku Chitedze.

"Kodi ndiwe makaniko uja unathawa sipanala?"

"Ndinasiya, abambo."

"Ndinamva. Ekiselo ija usanaimange, unawerenga kuzungulira kwake?"

Levison anangowayang'ana.

"Basi wandiyankha kale," anatero a Goliati. "Mawa utenge jeke wotukulira galimoto. Mtedzawu sukuyenda, ndili ndi nthawi."

M'mawa mwake awiriwo anapalasa njinga mpaka kuchipatala kuja. Anathamangitsa nkhuku. A Goliati anatukula tayala limodzi lakumbuyo, n'kulemba ndi choko patayalapo, n'kulembanso pa shafuti yomwe imatenga mphamvu kuchoka ku magiya kupita ku ekiselo.

"Lowa pansi. Ine ndizungulitsa tayala kawiri, iwe uwerenge shafuti."

Levison anawerenga. Inazungulira kanayi ndi theka.

Anapita kutsogolo, ku ekiselo imene Levison anamanga. Inazungulira kanayi, n'kungopitirira pang'ono.

"Bwerezani," anatero Levison.

Anabwereza. Zinali zomwezo.

"Kunja zimafanana, m'kati mano ndi osiyana," anatero a Goliati. "Unamanga ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, ina yothamanga, ina yoyenda. Popanda fowilo ikukoka ndi imodzi, sudziwa kanthu. M'matope matayala amaterereka, sizipwetekana. Koma ukatchera pouma, goli lithyoka basi."

Levison sanatuluke pansi pa galimotopo. A Goliati anaona miyendo yokha ikugwedezeka, n'kupotolokera kumbali, n'kuyamba kupukuta jeke yemwe analibe fumbi n'komwe.

Patapita nthawi a Goliati anati, "Tadziwa awiri. Ndipo ine ndakalamba, ndimaiwala msanga."

Levison akanatha kuvomera kuti nkhaniyo ibisike. Koma tsiku lomwelo anapita kwa a Abrahamu, mwamuna wa malemu Mable, amenenso anali wapampando wa komiti ya kachipatalako. Anawapeza m'chigafa akusankha fodya.

"Alamu, si ufiti, si dalaivala. Ndine. Ndinamanga chitsulo chosayenera chifukwa sindinkadziwa kuwerenga kwake."

A Abrahamu anapitiriza kusankha. Tsamba ili uku, ili uku.

"Ndiye mwabwera kuti ine nditani?"

"Mundilole ndiikonze."

"Komiti inagwirizana kale. Mvula yoyamba ikagwa, tikuipereka kwa ogula zitsulo. Tatopa n'kuiona."

"Mundipatse mpaka mvulayo."

"Sindikuletsani," anatero a Abrahamu. "Koma tikakumana panjira musandipatse moni."

Levison anatulutsa thumba lija pansi pa bedi. Masipanala anali atachita dzimbiri.

Kuyambira mu Juni, akamva kuti kwinakwake kuli fowilo yakufa, ankamanga jeke panjinga n'kunyamuka. Anafika ku Mpingu. Anafika ku Chitukula, ndege zikumudutsa pamutu. Anafika ku Kabudula kawiri. Paliponse ankapempha chinthu chimodzi: mundilole ndingotukula tayala. Ankalemba choko, n'kuzungulitsa, n'kuwerenga, n'kuthokoza, n'kumapita. Amakaniko anzake anamutcha wamisala wa choko.

"Aphunzitsi afika," ankatero akamuona. "Tiyeni tiimirire."

Ma ekiselo khumi ndi imodzi anawerenga, onse anakana. Ina inagwirizana koma inali yosweka m'kati. Tsiku limenelo anakhala pamwala m'mbali mwa msewu mpaka mthunzi unasuntha, kenako anakwera njinga.

Mu Seputembala, pa esiteti ina ya fodya kupitirira Namitete, anapeza pikapu itamera udzu m'kati, mavu atamanga zisa pachiwongolero. Anatukula tayala lakutsogolo. Kanayi ndi theka. Anawerenganso kasanu, kuopa kuti maso akumunamiza.

Mwini esitetiyo anati atenge ekiseloyo pamodzi ndi kabokosi ka magiya a fowilo, kolowa m'malo mwa kakale kamene kanasweka tsiku la ngozi lija, koma ayambe wadzutsa thirakitala yake. Levison anakhala kumeneko milungu itatu, akugona m'shedi ya fodya, mpaka thirakitala inalira.

Lole ya chimanga inamutula pa Nsaru. Kuchoka apo palibe anafuna kumubwereka ngolo. Iye ndi a Goliati anamanga ekiseloyo panjinga ziwiri n'kuyamba kukankha, tsiku lathunthu, dzuwa la Okutobala likuwawotcha m'khosi.

"Ukanakhala wokonza mawotchi, bwenzi titafika kalekale," anadandaula a Goliati.

Atafika nayo, mavuto ena. Pokhalira masipuling'i sipanagwirizane. Anadula, anayeza ndi chingwe, anakawotcheretsa, anaona kuti papendekeka, anadulanso. Masipuling'i akale anali atatopa, ataphwa ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Anawamasula limodzilimodzi, n'kuwonjezerapo chitsulo chimodzi mbali iliyonse kuti galimoto ikwere, mimba yake isamakhudze matope.

Mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mchinji. Ogula zitsulo anabwera kudzaona katundu wawo, n'kumupeza Levison ali pansi pake.

Sabata yachiwiri ya Novembala, injini inalira. A komiti anabwera n'kuima patali pansi pa mtengo wa mango. Dalaivala uja anaitanidwa, koma atafika pachitseko anagwedeza mutu.

"Pepani. Phokoso lija ndimalimvabe."

Levison anakhala pachiwongolero yekha. Asanaike giya, chitseko chinacho chinatseguka. A Abrahamu analowa n'kukhala, chipewa chili pamaondo, osamuyang'ana.

"Mutchere fowilo pouma pano. Ngati n'kuthyoka, ithyoke ine ndili momwemo."

Levison anatchera. Thukuta linali kutsikira m'maso. Analunjika chitunda cha miyala kuseri kwa tchalitchi, makutu onse ali pansi pa galimoto. Anayenda pang'onopang'ono. Matayala onse anayi anagwira miyala n'kukwera, osalimbana, osalira. Pamwamba pa chitundapo anazimitsa injini.

Kumunsi a komiti anali kubwera wapansi.

"Mable sabwerera, alamu," anatero a Abrahamu.

"Ndikudziwa."

"Koma mkazi wa Nasoni kumudzi kwathuku ndi woyembekezera, wangotsala masabata. Ndiye musamapite kutali, eti."

A Abrahamu anatsika, n'kuvala chipewa, n'kulowera kumunda.

Pikapu ija inanyamula odwala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Lero Levison ali ndi galaja ya malata pa Nsaru, ndipo alimi ndi amabungwe amabwera ndi mafowilo awo kuchokera kutali kuti awasinthire ma ekiselo ndi masipuling'i. Ndinamuona ndi maso anga. Si munthu woseka kawirikawiri. Chisoni chija sichinamuchoke, anangophunzira kugwira nacho ntchito.

Ndayenda m'malo ambiri, ndipo ndakumana ndi anthu ochuluka amene analakwa kamodzi n'kudziika m'manda akadali moyo. Ngati inu muli mmodzi wa iwo, mverani. Chimene chinatayika sichibwerera, ndipo palibe angakunamizeni. Koma fufuzani pamene munalakwitsa, mukavomere pamaso pa amene munawapweteka, kenako mubwerere ku ntchito. Pali wina kutsogoloku amene moyo wake ukudikira manja anuwo. Lirani ndithu, koma mtima musautaye.