Chibakera cha amalume ku Ras Al Khor

Nkhonya za ku America zinkatipeza m'mawa ku Dubai. Iwo akamamenyana Loweruka usiku, kwa ife kunali kutacha Lamulungu. Tinkaweruka shifiti sikisi koloko, ine ndi amalume anga, n'kuyenda wapansi kuchokera pageti lomwe tinkalondera ku Ras Al Khor kukafika pa kafeteriya ina pakati pa magalaja. Mwini wake, Mpakistani, ndiye ankalipira kuti nkhonyazo zioneke pa kanema wake. Ife tinkangogula tiyi ndi chapati n'kupeza pokhala.

Amalume ndiwo anandipezera ntchito yaulondayi. Ali mnyamata anamenyako nkhonya ku Blantyre, mpaka mphuno yawo inapotoka pang'ono. Anali ndi katswiri wawo mmodzi, yemwe anayamba kumutsata kalekale pa mavidiyo a ku Ndirande. Kwa zaka zambiri dziko lonse linkalipira kuti lione munthu ameneyo. Koma tsopano anali atakula, ndipo m'mawa umenewo ankamenyana ndi wachinyamata wina wamtali, yemwe anali asanagonjepo.

M'kafeteriyamo munali mothithikana, mukununkha girizi ndi thukuta. Kutsogolo kwathu kunakhala makaniko wina wa ku Lusaka, wa msinkhu wanga, atavala ovolosi. Tinkadziwana. Anali wanthabwala, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

"Ba mudala, lelo muzalila," anatero potembenukira kwa amalume. "Banthu sibalipila kuti baone nkhalamba yanu iwina. Balipila kuti baone igwa."

 Amalume anangozunguza kapu ya tiyi patebulo.

Maraundi awiri oyamba katswiri wawo ankathamangitsa mnyamatayo, ndipo amalume ankagwedeza mapewa ngati akumenya ndi iwo. Pofika raundi yachisanu, miyendo ya mkuluyo inayamba kulemera. Diso lamanzere linatupa. Nkhonya iliyonse ikamufika, makaniko uja ankamenya tebulo lathu, tiyi n'kumatayikira. Ndinaona mtsempha wa m'khosi mwa amalume ukudumpha.

"Achimwene, tachepetsani," ndinamunong'oneza.

"Ni masewela chabe, habibi," anaseka, akunditchula bwenzi m'Chiarabu.

Mkuluyo atagwa, anagwa moipa, mutu kutsamira pa chingwe chapansi. Chipinda chonse chinaimirira. Lefali anayamba kuwerenga, ndipo makaniko uja anatembenuka n'kuyamba kuwerenga nawo, chala chili pafupi ndi mphuno ya amalume. Wanu. Thuu. Fili. Sanafike pa sikisi.

Sindinaone m'mene amalume anadzukira. Ndinangoona mpando uli pansi, dzanja lawo lamanzere litagwira kolala ya ovolosi, lamanja litakungidwa pafupi ndi khutu. Kanema ankangosokosa yekha. Mwini kafeteriya anali atagwira kale foni.

"Khalas! Khalas! Polisi!" anakuwa, kutiuza m'Chiarabu kuti basi, zithe.

Aliyense wa ife ankadziwa za ndewu ku Dubai. Sipakhala zokambirana. Ukamenya munthu umakagona m'chitolokosi, kampani imakufufuta pa ntchito, kenako umakwezedwa ndege. Amalume anali ndi ana anayi pasukulu. Ndinafuna kuwagwira mkono koma ndinaopa kuti ndikangowakhudza, chibakeracho chichoka chokha.

"Amalume," ndinatero. "Amalume, ndagwira mwendo wanu. Taganizirani kumudzi."

Sanandiyang'ane. Makaniko uja anali atakweza manja, milomo itauma gwa. Chibakeracho chinakhala m'mwamba nthawi yomwe ine ndinaiona ngati ola lathunthu.

"Iwe," anatero amalume chapansipansi, "unalowapo m'zingwe?"

"Iyayi, ba mudala."

"Unamenyedwapo mpaka osadziwa kumene kuli kumwamba?"

"Iyayi."

"Ndiye usadzamuwerengerenso munthu amene wagwa. Imeneyo ndi ntchito ya lefali."

Anamutaya. Anatola mpando n'kuuimika bwinobwino, n'kuuza mwini kafeteriya kuti shukran, zikomo wa Chiarabu. Mpakistaniyo anabweza foni pang'onopang'ono, maso ali pa ife mpaka tinatuluka. Pa kanema, mnyamata uja anali atanyamulidwa m'mapewa, atolankhani atamuunjirira. Katswiri wakaleyo sankamuonetsanso.

Panja dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Tinadikira basi ya kampani pamthunzi wa khoma.  Titakwera, amalume anakhala kuwindo, akuyang'ana magalimoto ophwanyika omwe anaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Titadutsa maloboti awiri, anandifunsa:

"Iweyo unali mbali iti?"

Ndinaganiza zonama. Koma anali munthu amene ankandidziwa kuyambira ndili wakhanda.

"Ya mnyamata uja, amalume."

Ndinadikira. Anapukusa mutu pang'ono, kenako anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Ali ndi miyendo yabwino," anatero. "Koma akaponya lamanzere amatsitsa lamanja. Alipo wina akumuonera pakali pano, mwana wa zaka khumi ndi zisanu mwina. Adzamupeza pomwepo."

Anatsamira pagalasi n'kutseka maso. Dzanja lawo lamanja linali pabondo, zala zikutseguka n'kutsekeka zokha mpaka tinakafika kunyumba za kampani.